Mawu a Sayansi m'Zipangizo Zophunzitsira: Chitsanzo cha Boma la Phalombe

1. Mawu Oyamba

Kwa zaka zambiri nkhani ya mawu a sayansi m'Chichewa inkaoneka ngati ya alembi a mabuku ndi omasulira okha. Mlembi akasankha liwu losayenera, mphunzitsi ankatha kulikonza pabolodi, ndipo cholakwacho chinkathera m'kalasi momwemo. Zinthu zinasintha pamene wailesi, tabuleti ndi foni zinayamba kulowa m'sukulu za pulayimale. Chipangizo chikayankhula, chimanena liwu lomwelo kwa ana zikwizikwi, tsiku ndi tsiku, ndipo sichiona nkhope ya mwana amene wasokonezeka.

Nkhani ino ikufotokoza kuti chipangizo chingathandize mwana kumvetsa sayansi pokhapokha ngati mawu ake anasankhidwa mosamala, analembedwa mofanana paliponse, ndiponso akuloza chinthu chimene mwanayo angathe kuchiona kapena kuchigwira. Zitsanzo zatengedwa ku Phalombe, boma limene linapatulidwa ku Mulanje mu 1998. Ana a m'bomali amakulira m'munsi mwa mapiri amene amagumuka mvula ikachuluka, ndiponso pafupi ndi nyanja imene imaphwa mvula ikachepa. Kumvetsa zimene zimachititsa zinthu ziwirizi kumakhudza moyo wawo ndi wa makolo awo.

2. Zipangizo Zimene Zalowa m'Kalasi

Wailesi yakhala ikugwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuyambira kale. Mu 2008 Unduna wa Zamaphunziro, mothandizidwa ndi USAID ndi bungwe la Education Development Center, unayamba kuulutsa pa MBC maphunziro otchedwa Tikwere. Maphunzirowa, amene ankatenga mphindi 30, anafikira ana a Sitandade 1 mpaka 3, ndipo sukulu zinapatsidwa mawailesi opukusa ndi dzanja kapena oyendera dzuwa. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, wailesi inagwiritsidwanso ntchito pofikira ana kunyumba kwawo.

Tabuleti inabwera pambuyo pake. Mu 2013, pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, ana anayesedwa pophunzira masamu m'Chichewa kudzera m'mapulogalamu a bungwe la onebillion la ku Britain. Dr Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti patatha masabata 8, ana amene anagwiritsa ntchito mapulogalamuwa anakhoza masamu kuposa anzawo. Ntchitoyi inakula kudzera m'dongosolo la Unlocking Talent, limene bungwe la VSO linayendetsa pamodzi ndi unduna. Mu 2023 boma linakhazikitsa dongosolo la BEFIT, limene linayamba ndi sukulu 500, ndipo linalengeza cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Motero sukulu za ku Migowi, ku Chiringa ndi madera ena a Phalombe zili m'gulu la sukulu zimene dongosololi linakonzeredwa.

N'kofunika kuzindikira kuti matabuleti amenewa anakonzedwa kuti aphunzitse kuwerenga ndi masamu kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Sayansi sinali cholinga chake. Komabe zipangizo, magetsi a dzuwa ndi aphunzitsi ozidziwa zikafika pasukulu, funso lakuti zithandizenso pa sayansi silichedwa kubwera. Nthawi yabwino yokonzera mawu ndi ino, maphunzirowo asanajambulidwe.

3. Chiyankhulo Chophunzitsira

Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Ntchito yake inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ya ku Yunivesite ya Malawi kuyambira mu 1996. Kwa nthawi yaitali ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kenaka m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Mu 1996 unduna unalamula kuti makalasi anayi oyamba aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kudera, koma lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira.

M'dongosolo la maphunziro limene linayamba mu 2007, phunziro la sayansi ndi luso linaikidwa m'makalasi akuluakulu, ndipo mabuku ake, okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, analembedwa m'Chingerezi. Zotsatira zake n'zakuti mawu a sayansi a Chichewa sanalembedwe mokwanira, ngakhale kuti amamveka m'kalasi tsiku lililonse. Mphunzitsi amawerenga chiganizo cha Chingerezi, n'kuchitanthauzira m'Chichewa kuti ana amve, ndipo mphunzitsi aliyense amasankha mawu akeake. Ku Phalombe, kumene anthu ambiri ndi Alomwe koma ana ambiri amayankhula Chichewa pasukulu ndi pamsika, kutanthauzira kotereku ndiko kumene kumafikitsa phunziro kwa mwana. Wokonza phunziro la pawailesi kapena la patabuleti sangasiye nkhaniyi m'manja mwa mwayi, pakuti liwu limene iye ajambule ndi limene ana a boma lonse adzaloweze.

4. Liwu Limodzi, Matanthauzo Angapo

Vuto lalikulu la mawu a sayansi si kusowa kwa mawu ayi. Chichewa chili ndi mawu ambiri onena za madzi, nthaka, zomera ndi nyengo. Vuto limabwera pamene liwu limodzi la tsiku ndi tsiku likuimira zinthu ziwiri kapena zitatu zimene sayansi imazisiyanitsa. Zitsanzo zinayi zotsatirazi zikuonetsa zimenezi.

(a) Kusungunuka. Anthu amati, "Kandulo yasungunuka," ndiponso amati, "Mchere wasungunuka." Ziganizo ziwirizi n'zolondola, koma zikunena zinthu zosiyana. Kandulo imasanduka yamadzimadzi chifukwa cha kutentha, pamene mchere umagawika m'tizidutswa tosaoneka timene timamwazikana m'madzi, ngakhale madziwo akhale ozizira. Mwana amene wamva liwu limodzi pa zonsezi angaganize kuti mchere wasanduka madzi. Njira yapafupi ndiyo kusalemba liwuli lili lokha: pakhale "kusungunuka ndi kutentha" ndi "kusungunuka m'madzi", ndipo mawu amenewa asasinthidwe kuchokera phunziro loyamba mpaka lomaliza.

(b) Mphamvu. Liwu limeneli limamasulira mawu a Chingerezi osachepera atatu, awa: force, energy ndi power. Loyamba limanena kukankha kapena kukoka. Lachiwiri limanena chimene chimathandiza kuti ntchito igwirike, monga chimene chili m'chakudya, m'nkhuni kapena m'batire. Lachitatu limanena liwiro limene ntchitoyo ikugwirikira. Kwa ana a pulayimale mawu awiri oyambawo ndiwo ofunika. Ndi bwino kulemba "mphamvu yokankha" kapena "mphamvu yokoka" ponena loyamba, monga momwe ambiri amanenera kale "mphamvu yokoka ya dziko". Ponena lachiwiri, liwu loti nyonga ndi loyenera kuliganizira, pakuti mwana amadziwa kale kuti munthu amene sanadye alibe nyonga.

(c) Mpweya. Pawailesi ndi m'nyuzipepala mumamveka kawirikawiri mawu oti "mpweya wabwino" ndi "mpweya woipa". Mawu amenewa ndi osavuta, koma amasocheretsa mwana akafika paphunziro la zomera. Mpweya umene ukutchedwa woipawo ndi umene chimanga, nandolo ndi mpunga zimagwiritsa ntchito popanga chakudya m'masamba ake dzuwa likamawala. Mwana angafunse kuti chinthu choipa chingadyetse bwanji mudzi wonse. Pano kubwereka kumathandiza: okosijeni ndi kaboni dayokisaidi akhale mayina, ndipo Chichewa chifotokoze ntchito ya mpweya uliwonse.

(d) Moto. Anthu amati, "Foni yatha moto." Pocheza palibe cholakwika, koma m'phunziro liwuli lingachititse mwana kuganiza kuti sola ya padenga la sukulu imatapa moto kudzuwa. Sola imasandutsa kuwala kukhala magetsi, ndipo kutentha sikuiwonjezera mphamvu. Choncho m'phunziro mukhale mawu oti magetsi, kuwala ndi kutentha, lililonse pamalo pake. Mphunzitsi angathe kuonetsa zimenezi ndi kasola kakang'ono ndi babu: akaphimba kasolako ndi nsalu, babu limazima ngakhale kunja kukutentha.

5. Napolo: Liwu Lakale m'Phunziro Latsopano

Pa 10 Malichi 1991, mvula yamphamvu itagwa, matope, miyala ndi mitengo zinatsika kuchokera kuphiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi mbali ina ya tauni ya Phalombe. Anthu pafupifupi 500 anataya miyoyo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso tsoka lotere ku Phalombe, ku Mulanje, ku Blantyre ndi maboma ena a kummwera, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Anthu amatcha ngozi yotere napolo, monga momwe anatchulira imene inagwa ku Zomba mu Disembala 1946.

Liwu loti napolo lili ndi matanthauzo awiri. Limanena ngozi yeniyeniyo, ndiponso limanena chinjoka chimene, malinga ndi chikhulupiriro cha makolo, chimakhala pansi pa phiri ndipo chimagumula nthaka chikamasamuka. Wokonza phunziro angafune kulitaya liwuli poopa tanthauzo lachiwirilo, n'kulemba "kugumuka kwa nthaka" kokha. Kutero kungakhale kutaya liwu limene mwana aliyense wa ku Phalombe amalidziwa ndipo amaliopa moyenerera. Njira yabwino ndiyo kusunga napolo ngati dzina la ngoziyo, kenaka kufotokoza zimene zimaichititsa. Liwu loti namondwe linayenda njira yomweyo: kale linkanena mphepo ndi mvula yamkuntho, koma lero limanenanso chimphepo chozungulira chochokera kunyanja ya mchere ya India, ndipo anthu amalimva bwino m'machenjezo a zanyengo.

Kufotokoza kwake kungakhale kotere. Nthaka ya pamalo otsetsereka imakhazikika chifukwa tizidutswa take timagwirana, ndipo mizu ya mitengo ndi udzu imathandiza kuimanga. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi amadzaza timipata ta m'nthaka. Nthakayo imalemera, kugwirana kwa tizidutswa take kumachepa, ndipo mphamvu yokoka ya dziko imaitsitsa pamodzi ndi miyala. Ikalowa m'khwawa imasakanikirana ndi madzi n'kuthamanga kwambiri.

Apa chipangizo chili ndi ntchito imene bolodi silingathe. Kanema wa patabuleti angathe kuonetsa mkati mwa nthaka, madzi akulowa m'timipata, chimene diso silingaone. Komabe kanema yekha sakwanira. Ana atenge mabeseni awiri, lina la dothi lokhalokha, lina la dothi lomera udzu, awapendeketse mofanana, n'kuthira madzi ofanana kuchokera m'chitini chobowola. Akaona beseni limene lataya dothi lambiri, mawu oti kukokoloka ndi kugumuka amakhala ndi chinthu chimene akuloza. Aphunzitsi amaidziwa kale njira imeneyi ya kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, imene imatchedwa TALULAR. Momwemonso botolo lapulasitiki lodulidwa ndi rula zimapanga choyezera mvula, ndipo mwana amene wayezapo mvula yekha amamvetsa pamene wailesi ikunena za mamilimita a mvula imene ikuyembekezeka.

6. Nyanja ya Chilwa ndi Liwu Loti Nthunzi

Kumpoto kwa bomali kuli nyanja ya Chilwa, imene imalandira madzi a mitsinje monga Phalombe ndi Sombani. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018, zimene zinavutitsa kwambiri mabanja odalira usodzi wa matemba ndi milamba. Mwana akafunsa kumene madziwo anapita, mawu oti kuphwa ndi kuuma amangonena zimene zaoneka, osatchula njira imene madziwo anadzera. Yankho lili m'liwu loti nthunzi: madzi ambiri amasanduka nthunzi n'kukwera mumlengalenga.

Liwu limeneli lili ndi zovuta ziwiri. Choyamba n'chakuti mwana amadziwa nthunzi ngati utsi woyera wotuluka mumphika wowira, ndipo angaganize kuti madzi ayenera kuwira kuti asanduke nthunzi. Phunziro liyenera kunena momveka kuti pali nthunzi yosaoneka, imene imachoka pamadzi nthawi zonse, makamaka kukatentha ndi kukawomba mphepo. Ana akasungunula mchere m'madzi n'kuika mbaleyo padzuwa, madzi amatha koma mchere umatsala. Ndi mbale imodziyo aphunzira zinthu zitatu: kuti mchere sunasanduke madzi, kuti madzi achoka osawira, ndi chifukwa chake madzi a nyanja yopanda potulukira amakhala ndi kamchere. Mphunzitsi amene ali ndi foni angathe kujambula mbaleyo m'mawa uliwonse n'kuonetsa zithunzizo motsatana.

Chovuta chachiwiri n'cha matchulidwe. Mawu oti nthunzi ndi mthunzi amasiyana ndi lembo limodzi lokha, koma loyamba limanena madzi okwera mumlengalenga pamene lachiwiri limanena malo obisika kudzuwa. M'kalasi la ana ambiri, wailesi ikakhala yaing'ono, kusiyana kwa n ndi m kumatayika. Wojambula mawu ayenera kutchula m wa mthunzi ngati phatikizo palokha, ndipo patabuleti liwulo lioneke lolembedwa pamene likumveka. Agwirizanitsi amathandizanso: amati "nthunzi ikukwera" koma "mthunzi ukutalika". Choncho liwu latsopano lisaperekedwe lili lokha, koma m'chiganizo.

7. Kalembedwe ka Mawu Obwereka

Pamene Chichewa chilibe liwu loyenera, kubwereka n'kololedwa, monga mmene anabwerekedwera mawu oti sukulu, buku ndi galimoto. Chofunika n'chakuti liwu lobwereka litsate kamangidwe ka Chichewa. Mfundo zitatu ndi zothandiza.

(a) Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu. Motero malembo a liwu amalowetsedwa pakati pa malembo opanda liwu ndiponso kumapeto: tabuleti, sikirini, pulasitiki, maginito.

(b) Lembo la r limalembedwa pambuyo pa i ndi e, pamene l amalembedwa m'malo ena onse. Chifukwa cha lamulo limeneli amalemba batire ndi sikirini, koma sola ndi galasi. Mawu ena, monga wailesi, anakhazikika kale m'kalembedwe kosiyana ndi lamuloli, ndipo amaonekanso ngati wayilesi. Pa mawu otere mkonzi asankhe kalembedwe kamodzi ndipo akasunge m'buku lonse ndi m'pulogalamu yonse.

(c) Liwu lobwereka lipatsidwe gulu la mayina ndi agwirizanitsi ake. Amati "tabuleti iyi" ndi "matabuleti awa". Liwu loti batire limamveka m'njira ziwiri, "batire latha" ndi "batire yatha", choncho okonza maphunziro agwirizane pa njira imodzi.

Kufanana kwa kalembedwe n'kofunika kwambiri pamakina kusiyana ndi papepala. Munthu wamkulu akaona okosijeni ndi oksijeni amadziwa kuti ndi liwu limodzi. Mwana amene wangophunzira kuwerenga amaona mawu awiri, ndipo pulogalamu imene ikuyembekezera kalembedwe kamodzi imamuuza kuti walakwa pamene anangotsata zimene anaona m'buku.

8. Zoyenera Kuchita

Alembi akonze ndandanda ya mawu asanalembe phunziro loyamba. Liwu lililonse likhale ndi tanthauzo lake m'Chichewa, chiganizo cha chitsanzo, liwu la Chingerezi limene mwana adzakumane nalo pamayeso a MANEB, ndi ntchito ya manja imene ikuonetsa tanthauzolo. Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene unakonzedwa ndi Centre for Language Studies ndi poyambira pabwino pofufuza matanthauzo amene liwu lili nawo kale.

Akonzi aonetsetse kuti buku, wailesi ndi tabuleti zikunena liwu limodzi pa chinthu chimodzi. M'nthano, kusinthasintha mawu kumakometsa nkhani. M'sayansi kumachititsa mwana kuganiza kuti zinthu zimene zikunenedwa n'zosiyana. Kukonza liwu pandandanda n'kosavuta, koma kulikonza litajambulidwa ndi kutumizidwa m'sukulu mazanamazana kumadya ndalama ndi nthawi.

Aphunzitsi ndiwo oyesa mawuwo. Liwu lisanajambulidwe liperekedwe kwa ana a makalasi angapo, ndipo anawo afotokoze m'mawu awoawo zimene amva. Bomali lili ndi sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ya Phalombe Teachers Training College, ndipo ophunzira ake amene amapita m'sukulu kukayeserera ntchito angathe kulemba mawu amene ana ndi makolo amagwiritsa ntchito ponena za nthaka, mvula ndi mbewu, kuphatikizapo a Chilomwe. Mawu ena ofunika angapezeke kumeneko asanapekedwe atsopano.

9. Mawu Omaliza

Wailesi, tabuleti ndi foni zingathe kufikitsa phunziro labwino kusukulu imene ilibe chipinda choyeseramo zasayansi, ndipo zingathe kuonetsa zimene diso silingaone. Zipangizo zomwezo zingathenso kufalitsa liwu losocheretsa mofulumira kuposa buku lililonse. Mawu monga kusungunuka, mphamvu, mpweya, moto, napolo ndi nthunzi ayenera kukambidwa ndi kugwirizanidwa ndi alembi, akonzi ndi aphunzitsi maphunziro asanajambulidwe. Ntchitoyi ikagwirika bwino, mwana wa m'munsi mwa Michesi adzamva chenjezo la mvula yamasiku angapo n'kudziwa zimene zikuchitika m'nthaka ya kumtunda kwa mudzi wake, ndipo adzatha kufotokozera makolo ake m'chiyankhulo chimene iwo akumva.